Musamangodutsa pa Mangochi boma, imani mudye chambo kaye

Munthu akandiuza kuti anali ku Mangochi ndimakonda kufunsa kuti mbali iti, nde yankho limakhala lomwelija, Nkopola, Makokola, Monkey Bay kapena Cape Maclear. Pa boma penipeni anangoima kuthira mafuta ndi kugula madzi ozizira basi, kenako kukhota msewu wa kunyanja asanaone nkomwe mlatho. Inenso ndinkatero zaka zambiri. Ulendo uno ndinapita ndi mlamu wanga amene anali ndi zochita zake pa boma pomwepo, tinagona masiku awiri, ndipo ndabwerako ndili ndi zoti ndinene makamaka pa nkhani ya malo odyera chifukwa tinadya malo awiri osiyana ngati usiku ndi usana.

Tinanyamuka ku Zomba m'mawa, kudutsa Liwonde, Ulongwe, msewu wa M3 womwe uja. Mukangopitirira Ulongwe yang'anani kudzanja lamanja, mumaona madzi a Malombe akunyezimira kuseri kwa migwalangwa ndi milambe, ndipo m'mbali mwa msewu anthu ayala mikeka, madengu, zipewa za mlaza, ana akukweza nsomba m'mwamba kuti muime. Kutentha kumayambira pomwepo. Amene mumachokera ku Dedza kapena ku Mzuzu tengani zovala zopepuka ndi chipewa, dzuwa la kumeneku silicheza, makamaka Okutobala.

Tauniyi yakhala m'mbali mwa Shire, pamene mtsinjewu wangotuluka kumene mu nyanja ya Malawi ukupita kukathira mu Malombe. Nde madzi ake pano ndi otakata komanso odekha, si Shire wa matope amene timamuona ku Chikwawa ayi. Malo abwino kuyambira ndi pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ukawoloka msewu umakwera mapiri kupita ku Namwera mpaka pa boda ya Chiponde kulowa Mozambique. Ine ndinapitapo kawiri, madzulo ndi m'mamawa, koma m'mamawa ndi pomwe pali nkhani. Cha m'ma 5 koloko mzikiti utangoitana, kunja kusanatenthe, a kabaza ayamba kale kuwoloka atanyamula matumba a makala, ena amayi ndi mabeseni pamutu, pansi pa mlatho mabwato akubwerera. Ndinaima pamenepo kuyang'ana bambo wina wachikulire ali yekha m'bwato, amapalasa kawiri mbali iyi kamodzi mbali iyo osayang'ana nkomwe nkhafi, maso ali pa madzi, kenako anaima nkuyamba kukoka ukonde pang'onopang'ono kwinaku akuchotsa zinyalala ndi chala chimodzi. Munatuluka tinsomba tochepa kwambiri. Anatiponya m'kachidebe, nkupalasanso kupita patsogolo.

Musanakwere mlathowo pali nsanja ya wotchi ya njerwa, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Ambiri timangojambulitsapo nkumapita, koma zungulirani kaye muwerenge zolembedwazo. Tauni ino kale inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene ankalamulira dziko lino m'malo mwa Angerezi, ndipo inayamba ngati linga la asilikali m'zaka za m'ma 1890 nthawi imene amalimbana ndi malonda a akapolo omwe amadutsa dera lino kupita ku gombe la nyanja ya mchere. Pambali pa nsanjayo pali mzinga umene unali pa sitima ya Gwendolen. Nkhani yake ndi yoti mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Gwendolen inapita kukaombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann imene inali pa doko la Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Kaputeni wa Chingerezi, Rhoades, ndi kaputeni mnzake wa sitima ya Majeremaniyo anali anthu odziwana, omwera limodzi, ndipo Mjeremaniyo anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Taganizani, nkhondo ya azungu kufika mpaka pa nyanja yathu yomweyi, mzinga wake uli poyera pomwe ana asukulu amadutsa tsiku lililonse.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi chikumbutso cha Vipya, chili pomwepo. Sitima imeneyi inamira mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, nthawi ya mwera, ndipo anthu 145 anafa. Agogo anga aakazi ankaitchula Vipya akamatiletsa kusewera ndi madzi, ine ndinkangoyesa ndi nthano zoopsezera ana. Kuima pamenepo nkuwerenga nambala imeneyo ndinakhala chete kanthawi ndithu. Pafupi pomwepo pali Lake Malawi Museum, ndi kanyumba kosakula, ola limodzi mwamaliza, muli za sitima zakale, zida za usodzi, zithunzi ndi mbiri ya anthu a m'mbali mwa nyanja. Ngati muli ndi ana alowetseni, ndalama yolowera si yoti mungadandaule nayo.

Tsopano nkhani ya chakudya. Usiku woyamba tinalowa pa malo ena ooneka bwino m'mbali mwa msewu waukulu, magetsi amitundumitundu, mipando ya pulasitiki yatsopano, TV ikuonetsa mpira, menyu yosindikiza bwinobwino. Sinditchula dzina. Tinaitanitsa chambo awiri ndi nsima, achimwene otumikira anati mphindi 20 zokha. Tinadikira kupitirira ola, kufunsa amangoti zatsala pang'ono bwana. Itabwera nsombayo munthu umachita kuona kuti yachokera mu fuliji ndipo yakhalamo masiku, kunja yapserera mkati mwake nyama youma yomatirira ku minga, kakomedwe kulibe, ndiwo zamasamba ndi kabichi wa mafuta okhaokha. Nsima yozizira m'mphepete. Pobwera bilu mtengo unali wokwera kuposa wa pa menyu, akuti nsomba yomwe anatipatsa inali "yaikulu". Zinandiwawa osati chifukwa cha ndalama yokha ayi, koma kuti uli pa mtunda woyenda wapansi kuchoka pa Shire nkumadya nsomba yoipa kuposa ya ku Limbe. Mlendo amene wangodya pamenepo nkumapita akanena kuti chambo cha ku Mangochi nchongotchuka, pomwe sanachilawe nkomwe.

Mawa lake mnyamata wa kabaza amene anatinyamula kuchoka ku mlatho ndi amene anatipulumutsa. Tinamufunsa kuti iyeyo akafuna nsomba yeniyeni amadya kuti, anaseka nkutitengera kuseri kwa msika, tinjira tamchenga, mpaka pa kanyumba kena kofolera malata kopanda chikwangwani chilichonse, panja pali mbaula ziwiri ndi benchi. Eni ake ndi mayi wina wachiyao wovala mpango kumutu, amathandizana ndi mwana wawo wamkazi. Mlamu wanga anapereka moni woti "ajimwiche uli" umene anaphunzira dzulo lake, mayiwo anasangalala kwambiri nkuyankha zambirimbiri zomwe sitinamve, kenako anabwerera ku Chichewa nkuti khalani pansi ana anga.

Pamenepa palibe menyu. Anabweretsa beseni lovundikira ndi chiguduli chonyowa, kutsegula muli chambo zisanu ndi kampango mmodzi, nkuti sankhani nokha. Anatsegula m'mbali mwa mutu wa chimodzi kutionetsa kuti mkati ndi mofiira, maso ake oyera owala, kudina ndi chala nyama imabwerera. Mtengo tinagwirizana nsomba isanapite pa moto, ndipo ndi womwewo umene tinalipira. Anachipala mamba tikuona, kuching'amba, kuchicheka mizere itatu mbali iliyonse, mchere, ndimu, basi, palibe zokometsera za m'mapaketi. Pa makala amachitembenuza ndi dzanja, kwinaku akukupiza ndi kachivundikiro ka poto, fungo lake mpaka anthu odutsa amacheuka. Mwana wawo uja anabwera ndi jagi ndi kabeseni kutisambitsa m'manja, madzi ofunda, atagwada, zinthu zomwe m'malesitilanti a m'tauni zinatha kalekale.

Abale, chambo chimenecho. Khungu lokhuthara pang'ono lopsa bwino, mkati nyama yoyera yofewa yochoka yokha pa minga, yotsekemera mwa nsomba imene m'mawa womwewo inali m'madzi. Nsima ya ufa woyera yotentha yochita kuwotcha zala, pambali nkhwani wotendera ndi kambale ka tomato ndi anyezi wokazinga, ndi tsabola wa kambuzi wosinja amene muyenera kusamala naye chifukwa ndi waukali zedi. Mlamu wanga anatenga kampango wa msuzi, mafuta ake okhaokha a nsombayo akuyandama pamwamba, anapempha mitanda ina iwiri ya nsima. Mutu wa chambo musasiye, mayiwo anatiuza kuti mlendo amadziwika ndi kusiya mutu, nde anationetsa potsegula kuti upeze kanyama ka m'masaya. Tinamaliza ndi thobwa lozizira la m'botolo lomwe amagulitsa a neba awo.

Zofooka zilipo, ndisakunamizeni. Malowo ndi ochepa, anthu asanu ndi mmodzi mwadzaza, masana ntchentche zimavuta ngakhale amayesetsa kupukuta matebulo, chimbudzi ndi chokumba cha kuseri, ndipo mukafika mochedwa cha m'ma 2 koloko nsomba yatha mupeza usipa ndi nyemba basi. Amalandira kashi kapena Airtel Money, za makadi iwalani. Koma pa ukhondo wa chakudya chenichenicho ndinakhutira chifukwa chilichonse chimachitika uli kuona.

Tikudya ndinawafunsa mayiwo chifukwa chake chambo chadula chonchi ngakhale kuno kwawo kwa nsomba. Anapukusa mutu nkuti ali mtsikana chambo cha ku Malombe chinkachita kutayidwa, pano asodzi amabwera ndi kambuzi, tinsomba ting'onoting'ono tija, ndipo chambo chachikulu amachilimbirana ndi ogula a ku Blantyre ndi Lilongwe amene amafika pa doko ndi makula bokosi usiku. Zimene ananenazo ndi zoona, chambo mu Malombe chinatha kwambiri chifukwa cha kupha mopyola muyeso ndi maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi ana omwe, ena mpaka kugwiritsa ntchito maneti a udzudzu. Nchifukwa chake kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane. Nde mukapita nthawi imeneyo nkupeza wina akukutsatsani tiana ta chambo tonga chikhatho cha mwana, chonde musagule, mukagula ndinu amene mukumutuma kuti mawa akaphenso.

Zina zoti mudziwe mwachangu. Anthu ambiri kuno ndi Asilamu, nde nyama ya nkhumba musayembekezere kuipeza m'malo odyera ambiri, Lachisanu masana mashopu ena amatseka kaye anthu apite ku mzikiti, ndipo nthawi ya Ramadan malo ena saphika masana koma madzulo kumakhala futali ndi zokazinga zambiri pa msika. Valani modzilemekeza mukamayenda m'makwalala, zovala za ku bichi zisungeni za ku bichi. Akatolika alinso ndi mphamvu, tchalitchi chachikulu cha St Augustine chili pa boma pomwepo ndipo Radio Maria inayambira konkuno. Kuyenda m'tauni ndi kabaza basi, ya njinga yopalasa kapena yamoto, gwirizanani mtengo musanakwere. Mu Shire musasambe ngakhale muone ana akusambira, muli ng'ona ndi mvuu, komanso madzi odekha a m'mabango ndi momwe mumakhala likodzo. Pogona funsani chipinda chokhala ndi neti yosabooka ndi fani, udzudzu wa kuno ndi wambiri ndipo malungo ndi enieni. Ife tinagona pa kaloji kena kapakatikati, madzi anali kutuluka, magetsi anazima kamodzi usiku, palibe chodandaula kwambiri.

Pa msika musachoke osagula usipa wofutsa ndi utaka wouma wopita nawo kunyumba, mtengo wake ndi wabwino kuposa m'tauni ndipo amakulawitsani kaye. Malambe ndi ambiri, nthawi ya mango nde musachite kufunsa. Ine ndinagulanso mkeka umodzi kwa agogo ena amene amaluka pomwepo, anandiuza kuti umawatengera masiku angapo, nde sindinanenerere mtengo.

Tsiku lonyamuka tinadutsanso kwa mayi aja kukatsanzika, tinapeza akupala nsomba za tsikulo. Anatikulungira chambo chimodzi chowamba mu pepala kuti tikapatse ana kunyumba, ndalama anakana, tinachita kuwasiyira pa benchi. Mukafika pa boma funsani wa kabaza aliyense wachikulire kuti akuperekezeni komwe amawotcha chambo kuseri kwa msika, fikani isanakwane 12, ndipo muuzeni wophikayo akuonetseni nsomba isanapite pa moto.