Miyezi inayi ndikuyendera mafizo a phewa kuno ku Mulanje

Anzanga atatu andifunsa sabata ino yokha ngati mafizo amene ndikuyendera akundithandiza. Akundithandizadi, koma yankho lake ndi lalitali kuposa limene ndingapereke titaima pamsika wa Limbuli, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 5 ndipo ndili ndi zaka 51. Phewa lakumanja linayamba kuwawa mu Juni chaka chatha, chiperoni chili pachimake. Sindinagwe, sindinanyamule cholemera, choncho ndinkangoti ndi kuzizira, kukafunda lisiya. Kunafunda, phewa osasiya. Usiku ndikagonera mbali imeneyo ndinkadzidzimuka ngati munthu wandibaya ndi msomali. Pofika Okutobala mkono unakana kukwera. Ana m'kalasi ndiwo anayamba kuzindikira, poti ntchito yawo ndinkayambira kulemba pakati pa bolodi, pamwamba ponse pali mbee. Duku ankandimanga mwana wanga wamkazi, zipi ya diresi chimodzimodzi. Chimene chinandiliza ndi tsiku limene mdzukulu wanga anakweza manja kuti ndimubereke, ine n'kulephera kuponya chitenje kumbuyo.

Miyezi isanu ndi itatu ndinaitaya ndi zongoyesa. Ndinkagula mapilitsi opha ululu a Indocid ndi Brufen pa golosale n'kumamwa m'mawa ndi madzulo popanda wondiuza mlingo, mpaka m'mimba munayamba kutentha ngati ndameza khala lamoto. Azakhali anati wina wandiponyera nyamakazi, tinapita kwa asing'anga, ndipo mphini zisanu ndi imodzi zili paphewapa mpaka lero. Ku kachipatala koyamba kumene ndinapita, wondionayo sanandigwire n'komwe mkono. Anafunsa pamene pakupweteka maso ali m'buku, analemba mapilitsi opha ululu, basi wotsatira alowe.

Zinthu zinasintha nditapita kuchipatala chachikulu n'kuonana ndi adokotala a mafupa. Anandijambula X-ray, mafupa anapezeka ali bwinobwino, ndipo anandilembera m'buku kuti ndikaonane ndi a mafizo. Ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkayembekezera jakisoni, ndipo m'maganizo mwanga mafizo anali a anthu a sitiroko ndi ana olumala okha.

Chipinda chake n'chaching'ono: bedi limodzi lalitali, chingwe chodutsa pa kagudumu kokolekedwa kudenga, ndodo ziwiri pakona. Wondithandiza ndi mnyamata woti angakhale mwana wanga, koma mmene anandipimira sindidzaiwala. Anandikhazika pampando, dzanja lina anagwira fupa lakumbuyo kwa phewa, lina anagwira chigongono, n'kunena kuti, "Amayi, musandithandize, ulekeni mkonowu ulefuke, ndikweze ndine." Anakweza pang'onopang'ono, utafika kufupi ndi msinkhu wa phewa unaima nji, ngati chitseko chagunda thumba la chimanga. Kenaka anagundika chigongono changa m'nthiti n'kuyesa kutembenuzira dzanja kunja. Silinayende n'komwe. Anachitanso chimodzimodzi kumanzere kuti ndione ndekha kusiyana kwake.

Apa m'pamene anandifotokozera. Polumikizana mafupa a phewa pali kathumba kamene kamakuta mfundo yonse. Pa matenda amenewa, amene pa Chingerezi amati frozen shoulder, kathumbako kamatupa, kukhuthala, n'kukhwinyata, ndiye ngakhale wina akukwezereni mkono sungapitirire. X-ray siionetsa zimenezi chifukwa vuto silili m'fupa. Amagwira kwambiri anthu a zaka zapakati pa 40 ndi 60, makamaka amayi. Amayamba ndi ululu woopsa, kenaka ululu umachepa koma phewa n'kuuma gwa, pomaliza limamasuka pang'onopang'ono, ndipo ulendo wonsewo ungatenge chaka chimodzi mpaka zitatu. Sanandinamize kuti ndichira mwezi wamawa, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha chimenecho.

Kenaka anafunsa funso limene palibe anandifunsapo miyezi yonseyi: "Munayezetsapo shuga?" Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndimamva ludzu pafupipafupi ndiponso ngati ndimadzuka kangapo usiku kukataya madzi. Zonsezo zinalipo, koma ndinkaziyesa za ukalamba. Anati vuto la phewali limakonda kwambiri anthu a matenda a shuga, ndipo ananditumiza ku labu tsiku lomwelo. Shuga anapezeka wokwera. Lero ndili pa mankhwala, shuga wa mu tiyi ndinasiya, nsima ndinachepetsa. Ndinapitira phewa koma ndinabwerako nditadziwa matenda amene akanandiwononga maso ndi impso mwakachetechete. Anandiletsanso kumwa mapilitsi aja mwachisawawa, poti ukawamwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amavulaza impso.

Mafizo enieniwo ambiri ndimachitira kunyumba, ndipo safuna chogula. Ndimayamba ndi kuthowa phewa ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Ndimawerama nditatsamira tebulo, mkono wodwalawo n'kuulekerera kuti uzilendewera ndi kuzungulira wokha. Ndimayendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba ngati kangaude. Ndimagona chagada nditagwira ndodo ndi manja awiri, wabwinowo n'kumakankha wodwalawo. Chovuta kuposa zonse ndi cha chitenje: ndimachiponya kumsana, dzanja lamanzere pamwamba likukoka lamanja kuti likwere. Bambo akunyumba anandikolekera chingwe pa nthambi ya mpeyala, chimagwira ntchito ngati chija cha kuchipatala. Zimapweteka, musanamizidwe. Koma anandiphunzitsa kusiyanitsa kukokeka kopiririka ndi ululu wobaya, ndipo anati ukafika wobayawo ndiziima, ndisamakakamize. Pakhoma la kuchipinda ndimalemba ndi choko pamene zala zafika Loweruka lililonse. Mzere woyamba ndi walero zatalikirana kuposa chikhatho changa kawiri.

Zosakondweretsa ziliponso. Wa mafizo ndi mmodzi, anthu ndife ambiri, ndipo pabenchi timakhala pamodzi ndi a sitiroko, othyoka miyendo pa ngozi za njinga zamoto, ndi amayi obereka ana ofooka ziwalo. Ukafika 8 koloko ungaonedwe 11. Tsiku lina ndinapita, nditapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi, n'kupeza chitseko chotseka popanda chidziwitso chilichonse. Ndalama ya minibasi ndi kabaza inangopita padera. Ndikanakondanso akanamapereka kapepala kojambula masewerowa, chifukwa tsiku loyamba ndinafika kunyumba nditaiwala awiri, ndipo agogo ambiri amene ndimakhala nawo pamzere alibe wowakumbutsa. Mnyamatayu sindimuimba mlandu. Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amene vuto lawo lakula amayenera kukafika ku Blantyre, kuchipatala cha Queens kapena cha Kachere.

Mtima umandipweteka ndikaganiza za amayi otchera tiyi m'minda yatizungulirayi, amene manja awo sapuma tsiku lonse, dengu lili kumsana. Ambiri akudandaula mapewa ndipo akungomeza mapilitsi kuti makilo akwane. Si phewa lililonse lowawa limene lili ndi vuto ngati langa. Ena ndi minyewa yotupa kapena yong'ambika, ena ululu umachokera m'khosi, choncho masewero anga musangowatengera musanapimidwe. Adokotala anatsindikanso kuti phewa likawawa mutagwa, likatupa n'kutentha thupi lonse likuphwanya, kapena ululu ukabwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta ndi befu, musadikire tsiku la mafizo, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa ungakhale mtima.

Pano duku ndikumanga ndekha ndipo usiku ndikugona mpaka tambala. Pamwamba penipeni pa bolodi sindinafikebe, deti amandilembera mwana wamtali wa m'kalasi mwanga. Mdzukulu ndinamubereka Lamulungu lapitali, ngakhale chitenje anandiponyera mayi ake. Ndikabwereranso kukaonedwa Lachiwiri la sabata yamawa, ndipo ndatengana ndi achemwali anga a ku Muloza amene phewa lawo lakumanzere layamba kuwasowetsa tulo.