Waranti yowonjezera, pulani ya sevisi, kapena kudzisungira wekha: galimoto yothamanga ya kaunjika kuno ku Mangochi

Chiyambireni chaka chino anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi, ndipo onsewo ndi anthu amene maso awo ali pa galimoto zothamanga za kaunjika, zija timaziyang'ana pa masamba a intaneti ogulitsa galimoto za ku Japan a Be Forward ndi SBT tulo tikasowa. Wina akufuna Subaru Impreza WRX, wina Golf GTI, pomwe wachitatu, amene sindikudziwa kuti anamulodza ndani, mtima wake uli pa Mazda RX-8. Funso lawo ndi lakuti wogulitsa akanena kuti uwonjezere ndalama kuti akupatse waranti ya chaka, kapena kuti ulowe pulani yolipiriratu sevisi, kodi ndi nzeru kuvomera? Amandifunsa ine chifukwa akudziwa kuti ndinalipirapo waranti yotereyi ndipo inandipsetsa mtima, choncho owerenga adziwiretu kuti chigamulo changa chili ndi kachipsera.

Zinthu ziwirizi ogulitsa amakonda kuzitchulira pamodzi ngati kuti ndi chinthu chimodzi, koma ndi zosiyana. Waranti imalonjeza kukonza chipangizo chimene chafa mwadzidzidzi, monga injini, giyabokosi kapena turbo (chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini kuti iwonjezere mphamvu). Pulani ya sevisi imalipira ntchito zodziwikiratu nthawi yake, monga kusintha oyilo ndi mafiluta, ndipo pulani yokulirapo imawonjezera zinthu zoperepeseka ngati mabuleki ndi kilatchi. Mchitidwewu ndi wokhazikika kwambiri ku South Africa, kumene mwachitsanzo BMW yatsopano imabwera ndi Motorplan ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000, ndipo ambiri a ife tinamvera kumeneko mawu amenewa. Inshuwalansi ya comprehensive isakusokonezeni: iyo ndi ya ngozi, moto ndi kuba, osati injini yofa yokha.

Galimoto yanga ya turbo ndinaigula pa yadi ina ku Blantyre chapakati pa chaka cha 2023, itangofika kumene kuchokera ku Japan. Mnyamata wogulitsayo anandiuza mwaulemu kuti galimoto zamtunduwu zikadwala zimadya munthu mpaka nsapato, ndipo pamenepo sananame. Anatulutsa pepala la masamba atatu la waranti ya miyezi 12, ine ndinawerenga tsamba loyamba pomwe panali mawu akuti injini, giyabokosi ndi turbo, ndinasayina, ndipo ndinabwerera kunyanja mtima uli m'malo.

Patapita miyezi ingapo, ndikukwera phiri la Chowe kulowera ku Namwera, galimoto inayamba kulira ngati mluzu, mphamvu zinatha, ndipo nditayang'ana pagalasi ndinaona utsi wabuluu utatseka msewu wonse moti wanjinga amene ndinali nditangomupitirira anatsika n'kuima pambali atagwira pamphuno. Ndinazimitsa injini pomwepo n'kuimba foni ku yadi kuja. Yankho loyamba linali lakuti galimoto ifike ku garaja yawo ku Blantyre, pakuti makaniko wina aliyense akaitsegula waranti yatha. Nditafunsa za breakdown yoinyamula, anandiuza kuti nditsegule tsamba lachiwiri, ndipo zoonadi panali chiganizo chonena kuti amakoka galimoto kwaulere mkati mwa mzinda mokha. Kuchokera pa Boma la Mangochi kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo mwini breakdown amawerengera ulendo wopita ndi wobwerera. Ndalama imeneyo inachoka m'thumba mwanga galimoto asanaikhudze n'komwe ndi sipanala.

Ku garaja anandiuzanso kuti ndilipire kaye ndalama yomasulira ndi kuyeza, yomwe akanandibwezera pempho langa likadavomerezedwa. Patatha masabata awiri anandiitana. Mkulu wa pamalopo anatsegula buku la sevisi, n'kuika chala pa chidindo chimodzi.

"Bwana, chidindo ichi si chathu. Oyilo uyu munasinthira kuti?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinasinthira ku Mangochi kwa amakaniko anga, kuti oyilo wake anali wa mtundu weniweni wolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo lisiti ndi chigubu chopanda kanthu ndinali nazo. Iwo anati lisiti si nkhani, tsamba lachitatu likunena kuti sevisi iliyonse ichitikire ku garaja yovomerezeka ndi iwo, ndipo garaja zoterozo zinali ku Blantyre ndi ku Lilongwe basi. Anawonjezera chifukwa chachiwiri, chomwe ndimachiona kuti ndi msampha waukulu kuposa woyambawo: anati turbo sinafe yokha, inaphedwa ndi kapaipi kobweretsa oyilo komwe kanatsekeka, kapaipiko sikali pa mndandanda wa zipangizo zotetezedwa, ndipo chilichonse chowonongeka chifukwa cha chipangizo chomwe sichili pa mndandanda iwo salipira. Taganizirani bwino mfundo imeneyi. Pa injini palibe chipangizo chachikulu chimene chimafa popanda kachinthu kakang'ono koyambitsa, kaya ndi labala, kaya ndi paipi, kaya ndi lamba. Wolemba pepala akasiya tizinthu timeneti panja, ndiye kuti wadzisiyira khomo lotulukira pa pempho lililonse.

Ngakhale akadavomera, ndalama yake sikadakwana, ndipo ichi ndinachizindikira ndili pa basi yobwerera. Waranti ija inali ndi malire a ndalama imene angalipire pa pempho limodzi, yolembedwa mu kwacha pa tsiku logula. Mu November 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo chaka cha 2022 mu May inali itatsitsanso ndi 25 peresenti. Turbo, monga zipangizo zonse za galimoto zimenezi, imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, n'kulipiridwa msonkho ku MRA, ndipo ogulitsa masipeya akasowa dola ku banki amaipeza kwina pa mtengo wokwera kwambiri. Malire a pa pepala aja sanasunthe ngakhale tambala imodzi. Ine ndinalipira waranti ndi kwacha yamphamvu, iwo akanandibwezera ndi kwacha yofooka, ndipo chotsalacho ndikadawonjezera ndekha pamodzi ndi ndalama ina imene mwini galimoto amayamba walipira pa pempho lililonse.

Palinso ziganizo zina ziwiri zimene zimakhudza galimoto zothamanga kuposa Vitz kapena Sienta. Choyamba ndi cha kusintha galimoto. Mnyamata wa ku Japan amene anali mwini WRX musanaigule mwina anasintha ekizozi, anatsitsa masipuling'i, kapena anasintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu. Inu simukudziwa, koma tsiku la pempho woyeza adzaziona ndipo adzati galimoto si mmene inatulukira ku fakitale. Chachiwiri ndi cha mafuta. Galimoto za turbo za ku Japan zambiri zinapangidwira petulo wa octane yapamwamba (giredi yapamwamba ya petulo), pomwe kwathu kuno pampu iliyonse ili ndi petulo wa mtundu umodzi wosakanizidwa ndi ethanol, ndipo mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, ndani wa ife sanathirepo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay? Mapepala a waranti kawirikawiri amakana kulipira zowonongeka chifukwa cha mafuta oipa, ndipo si inu amene mudzagamule ngati mafutawo anali oipa kapena ayi.

Pulani ya sevisi sindiida ngati mmene ndimadera waranti, chifukwa ilibe bodza lambiri: ukulipiriratu ntchito imene uchita ndithu. M'dziko limene mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, kulipira lero oyilo wa chaka chamawa kungakhale kupambana, malinga ngati mgwirizano wanena momveka kuti mtengo watsekedwa ndipo garajayo sidzapempha zowonjezera kwacha ikagwa. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti kodi ntchito zikuluzikulu zili mkati? Injini ya EJ ya WRX ili ndi lamba wa timing amene amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni, injini n'kuthera pomwepo. Giyabokosi yosintha yokha magiya ya DSG ya magiya asanu ndi limodzi ya Golf GTI imafuna oyilo wake wapadera ndi fyuluta pa makilomita 60,000 alionse. Pulani imene ili ndi ntchito ziwirizi ndi yoyenera kuiganizira. Imene ili ndi oyilo wa injini ndi mafiluta okha ndi ngongole chabe imene mwaibwereketsa garaja popanda chiwongoladzanja.

Vuto lake kwa ife a kunyanja ndi lomwe lija la mtunda. Sevisi iliyonse ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 380 kupita ndi kubwera, tsiku lonse la ntchito litatayika, petulo wa galimoto imene simamwa mwaulemu, ndipo ukachedwa kupita n'kupyola makilomita olembedwa, pulani imatha mphamvu. Komanso pulani imatsata nthawi ya m'buku, pomwe kutentha kwa mu October kuno ndi fumbi la misewu yolowera ku malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja zimafuna kuti oyilo ndi fyuluta ya mpweya zisinthidwe msanga. Ambiri timasintha pa makilomita 5,000 ndipo sevisi zapakatizo umalipira wekha. Matayala, marimu opindika m'maenje, mashoko ndi bampala yokhula pa mahampu, zomwe ndi ndalama zenizeni zimene galimoto yotsika imadya kuno, sindinazionepo mu pulani iliyonse imene ndinawerenga.

Njira yachitatu, imene ndikutsata tsopano, ndi yodzisungira ndekha ndalama ya waranti ija n'kukhala ndi makaniko mmodzi amene amaidziwa galimoto yanga ngati mwana wake. Nayo ili ndi zofooka zake ndipo sindizibisa. Ndalama yosungidwa mu kwacha imasungunuka, ndipo ndalama imene ili pafupi siichedwa kupeza ntchito ina: maliro kumudzi, fizi ya mwana wa achemwali, feteleza. Chifukwa cha ichi ine sindisunga ndalama yambiri, ndimasunga zipangizo. Ndikapeza kangachepe ndimagula mafiluta, mapulagi, makoyilo, mabuleki ndi oyilo wa sevisi ziwiri zakutsogolo n'kuziika m'katoni pamwamba pa wadirobu, pakuti palibe wachibale amene angabwere kudzabwereka fyuluta ya oyilo kuti akagulire chimanga. Chofooka china ndi chakuti amakaniko athu, ngakhale ali ndi manja abwino, si onse ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto za ku Ulaya, ndipo pa vuto la magetsi ulendo wa ku Blantyre sungaupewe.

Turbo ija pomaliza anaiika ndi amakaniko anga omwe aja amene chidindo chawo chinakanidwa. Tinaitanitsa ina ya kaunjika, iwo anatsuka mapaipi onse a oyilo ndi intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa garaja yawo, anasintha kapaipi kaja, ndipo asanandipatse makiyi anandikhazika pansi nati, "Achimwene, mukafika pamalo musamangozimitsa ayi, muziisiya ilire kaye pang'ono kuti turbo izizire." Malangizo amenewo sanali pa tsamba lililonse mwa masamba atatu aja.

Ndalama imene ndimaiona kuti ndi yaphindu kuposa zonse ndi yolipira munthu wodziwa kuti ayeze galimoto musanaigule: compression ya injini (mphamvu imene imapanikizira mpweya mkati mwake), utsi poilizitsa m'mawa, kudontha kwa oyilo, zolakwika zosungidwa mu kompyuta. Galimoto zambiri za ku Japan zimadutsa pa okushoni ndipo zimakhala ndi pepala loonetsa giredi yake ndi makilomita ake, choncho muuzeni wogulitsa akuonetseni. Akayamba kuzemba, mwadziwa kale.

Mnzanga wa Golf GTI ndinamuuza kuti ndi iye yekha amene waranti ingamuthandize, chifukwa gawo la magetsi loyendetsa DSG likafa mtengo wake ndi woopsa, komanso ntchito yake imamufikitsa ku Blantyre mwezi uliwonse. Koma ndinati asasayine pokhapokha waranti ikhale ndi kampani ya inshuwalansi kumbuyo kwake, pakuti makampani amenewo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank ndipo pali kokadandaula, pomwe lonjezo la yadi limatha tsiku limene yadiyo yatseka geti. Ndinatinso aumirire kuti dzina la garaja ya ku Mangochi lilembedwe pa pepalalo ndi cholembera. Wa WRX ndinamuuza kuti asinthe lamba wa timing ndi pampu ya madzi sabata yomwe galimoto ifike, osamvera zimene mita ikunena, ndipo ndalama ya waranti agulire zimenezo. Wa RX-8 ndinamukumbutsa kuti injini yake ya rotary, yopanda mapisitoni, inapangidwa kuti izitentha oyilo pang'onopang'ono ikamayenda, kuti Mazda inasiya kupanga galimotoyi mu 2012, ndipo kuti compression ikatsika injiniyo imafuna kumasulidwa yonse ndi munthu amene anaigwirapo. Ndinamutuma kuti ayambe wazungulira magaraja onse kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Monkey Bay, akapeza makaniko woteroyo abwere tidzakambirane za waranti. Papita miyezi iwiri tsopano, ndipo dzulo wanditumizira chithunzi cha Toyota 86, galimoto yothamanga ya injini ya mapisitoni.