Canva pokonza chikuto cha magazini: yabwino poyala zinthu, yofuna kusamala posindikiza

Canva, pulogalamu yoyalira zithunzi ndi zolemba imene inayamba ku Australia mu 2013, ndi yosavuta kwa amene akukonza magazini ya mpingo, ya sukulu kapena ya bungwe. Poyala chikuto ndi posankha makaka (mitundu ya utoto) imagwira bwino ntchito. Vuto lake limaonekera fayilo ikafika kwa osindikiza, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito Canva yaulere, osati yolipira yotchedwa Pro.

Yambani ndi kukula kwa pepala musanasankhe template, chitsanzo cha chikuto choyalayala kale. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi, 297 m'litali. Tsegulani Show print bleed, imene imaonetsa kadera ka kunja kwa malire a pepala kamene kadzadulidwe, ndipo chithunzi kapena utoto wakumbuyo muukoke mpaka udutse malire a pepala ndi mamilimita 3 mbali zonse. Mpeni wa osindikiza sudula ndendende, ndiye mukapanda kutero chikuto chimatuluka ndi kamzere koyera m'mphepete. Zilembo zikhale mamilimita osachepera 5 mkati.

Pa makaka ndi pamene Canva imakoma. Mukaika chithunzi, yokha imatola makaka a m'chithunzicho n'kukuikirani pansi pa Photo colors. Tengani awiri okha: limodzi la dzina la magazini, lina la mutu wa nkhani yaikulu. Ngati munthu wa pachikuto wavala chitenje cha chikasu, dzina la magazini lachikasu chomwecho limamanga chikuto chonse pamodzi. Mitu yotsalayo ikhale yoyera kapena yakuda basi. Zilembo zofiira pa buluu zimavina m'maso, zachikasu pa zoyera sizioneka n'komwe munthu akaima patali. Lembani penapake nambala ya hex, imene kompyuta imazindikirira mtundu wa utoto, ya kaka lililonse kuti magazini yotsatira isadzasiyane ndi iyi, popeza Brand Kit yokwanira, mosungira makaka anu mu Canva, ili kwa olipira.

Ma template ndi ambirimbiri ndipo kayalidwe kake n'kabwino: dzina pamwamba, nkhope pakati, mitu yofunika kumanzere, mbali imene imaonekerabe magazini akasanjikizana pashelefu. Koma anawakonzera mawu aafupi a Chingelezi. Pamalo pamene pamakwana mawu atatu a Chingelezi, "Achinyamata akudzilemba okha ntchito" sapakwana, ndipo ambiri amangochepetsa zilembo mpaka mitu yonse ifanane kukula. Ndi bwino kuchotsa mitu ina, itsale itatu kapena inayi, umodzi ukhale waukulu moonekeratu, ndiponso kusankha zilembo zopyapyala m'mbali monga Oswald kapena League Gothic. Yesaninso chilembo cha ŵ musanakonde font (mtundu wa zilembo) iliyonse. Zina zilibe, ndiye mu Malaŵi chilembo chimodzicho chimatuluka chosiyana ndi zinzake.

Kubisa kambali ka dzina la magazini kumbuyo kwa mutu wa munthu kumafuna Background Remover, yochotsera zakumbuyo pa chithunzi, imene ndi ya Pro. Imadula bwino mapewa ndi zovala, koma pa tsitsi la afro kapena la mesh imasiya timabanga tofunika kukonza pamanja.

Tsopano kusindikiza. Sikirini imapanga makaka ndi kuwala, RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK. Canva imakuonetsani RGB nthawi yonse imene mukukonza, ndipo kutsitsa fayilo yopita kwa osindikiza, PDF Print, ya CMYK ndi kwa olipira okha. Zotsatira zake n'zodziwika: buluu wowala amatuluka wopita ku pepo, kubiriwira kowala kumazilala, ndipo nkhope ya munthu wakhungu lakuda imene inajambulidwa pamthunzi imada kwambiri mpaka maso osaoneka bwino. Walitsani chithunzicho pang'ono kuposa mmene chikukomera pa sikirini. Kuda kwa RGB kukasinthidwa kupita ku CMYK nthawi zambiri kumasanduka inki zonse zinayi, ndiye tizilembo ting'onoting'ono takuda timaoneka ngati tili ndi mthunzi makina akaphonya pang'ono. Apempheni osindikiza kuti zilembo zazing'ono aziike pa inki yakuda yokha. Ngakhale mutalipira Pro, musalole kuti asindikize makope onse musanaone proof, kope loyeserera la papepala.

Chithunzi chodzaza A4 chimafuna mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 2480 kwa 3508 kuti chikwane 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Canva imalandira ngakhale chithunzi chofooka. Chimene chadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi chimakhala chitafinyidwa kale, choncho wojambula atumize ngati Document.

Canva imadalira kwambiri intaneti, ndipo zithunzi zazikulu zimadya bandulo. Ilibenso njira yowerengera msana wa magazini yomata ndi guluu: m'lifupi mwa msanawo mufunse kwa osindikiza, mukonze kutsogolo, msana ndi kumbuyo pa tsamba limodzi lalikulu. Pa magazini yomanga ndi mawaya pakati, imene masamba ake amayenda anayianayi, Canva ikukwanira, bola mulipire Pro mwezi umene mukusindikizawo. Amene amatulutsa magazini mwezi ndi mwezi angachite bwino kuphunzira Scribus, pulogalamu ina yoyalira masamba, yomwe ndi yaulere, imagwira popanda netiweki ndipo imalola kusankha makaka a CMYK kuyambira pachiyambi.