Alangizi a zamalamulo ku Vila Ulongwe: thandizo lomwe mlongo wanga wamasiye anapeza

Mlamu wanga atamwalira, tsiku lometa lisanafike n'komwe, abale ake anayamba kuwerenga katundu: chigayo cha dizilo, njinga yamoto, ngolo ndi ng'ombe zinayi. Mlongo wanga anakhala kwa amuna ake ku Domwe pa chitengwa kwa zaka 14 ndipo anabereka ana atatu, koma anauzidwa kuti atenge ziwiya zake abwerere kwawo, chifukwa ukwati wawo unali wa ankhoswe basi, wosalembetsa ku boma. Pokhala mwini mbumba, ndinamuperekeza ku ofesi ina yaing'ono ya alangizi a zamalamulo ku Vila Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndikulemba zomwe tinaona kumeneko kuti amene ali ndi nkhani yofanana adziwe zoyembekezera.

Ofesiyi ndi ya chipinda chimodzi, chokhala ndi tebulo, kabati ya mafayilo ndi benchi pakhonde pomwe anthu amadikirira. Uphungu salipiritsa, ndipo ndalama zomwe tinawononga ndi za thiransipoti ndi zojambulitsa mapepala. Mlangizi amene anatilandira anali mayi wachikulire wolankhula Chichewa chakwathu konkuno, ndipo chimenechi ndicho ndikuchiyika patsogolo pa zabwino zonse za malowa, popeza malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chipwitikizi, chinenero chimene mlongo wanga amangochimva mwa apo ndi apo. Nditayamba kufotokoza nkhaniyo, mayiyo anandiimitsa mwaulemu nati: "Bambo, dikirani kaye, mwini nkhani alankhule yekha." Ndinachita manyazi pang'ono, koma anali kulondola, pakuti mlongo wanga anatchula zinthu zomwe ine sindinkazidziwa, monga kuti chigayocho anachigula ndi ndalama za mbatatesi zomwe analima awiriwo kwa nyengo zitatu zotsatizana.

Mlangiziyo anatenga pepala nalemba mizere iwiri, wina wa katundu amene malemu anali naye asanakwatire, wina wa katundu amene anapeza ali limodzi, ndipo chilichonse ankafunsa chaka chomwe chinagulidwa. Ng'ombe ziwiri zinagwera mu mzere woyamba chifukwa malemu anazilandira kwa bambo awo, ndipo mayiyo sanabise kuti pa zimenezo mlongo wanga alibe theka lakelake. Kunena zoona, kusakondera kumeneku ndiko kunandichititsa kuti ndikhulupirire zina zonse zomwe ananena pambuyo pake.

Anatifotokozera kuti Lamulo la Banja lomwe likugwira ntchito tsopano ndi la nambala 22/2019, limene linalowa m'malo mwa la 2004. Lamuloli limavomereza ukwati wa ku boma, wa ku tchalitchi ndi wa mwambo, koma awiri otsirizawa amafunika kukalembetsedwa ku Conservatória do Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati, kubadwa ndi imfa, kuti akhale ndi mphamvu yofanana ndi woyambawo. Amene sanalembetse sakhala atataya zonse, chifukwa lamulo limazindikira chimene m'Chipwitikizi amati união de facto, kutanthauza mwamuna ndi mkazi okhala limodzi ngati banja, onse awiri ali omasuka kukwatirana. Pansi pa lamulo la 2004 chaka chimodzi chinali chokwanira, koma tsopano ayenera kukhala atadutsa zaka zitatu mosalekeza. Pa banja lotere, katundu amene anapeza ali limodzi ndi wa onse awiri, choncho theka la chigayo, njinga ndi ngolo si chuma cha masiye ayi, ndi la mlongo wanga kuyambira kale.

Nkhani ya theka linalo ndiyo inatidabwitsa kwambiri. M'malamulo akale a mu Código Civil ya 1966, mkazi wamasiye ankabwera pa malo achinayi pa mndandanda wa olowa chuma, pambuyo pa ana, makolo ndiponso abale a malemu, ndipo ndikuganiza kuti anthu ambiri m'midzi mwathu akuyendabe ndi maganizo amenewo. Lamulo la nambala 23/2019 linasintha zimenezi: mkazi kapena mwamuna wotsala, kuphatikizapo wa união de facto, ali pa malo oyamba pamodzi ndi ana. Ngati malemu sanasiye wilo, achimwene ndi achemwali ake alibe gawo pamene mkazi ndi ana alipo. Mlongo wanga atamva zimenezi anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anatembenukira kwa ine nafunsa kuti: "Achimwene, ndiye kuti chigayo chija asachizule?" Mlangiziyo anayankha kuti lamulo lili mbali yake, koma lamulo limafuna umboni, ndipo anatiuza kuti tisonkhanitse chikalata cha imfa, zikalata za kubadwa kwa ana, BI (chiphaso cha unzika) ya mlongo wanga, kalata ya amfumu yotsimikizira zaka zomwe anakhala pabanja, komanso kupempha ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti akhale mboni. Za munda anangonena mwachidule kuti pansi pa Lamulo la Malo la 1997 nthaka ndi ya boma, koma ufulu woigwiritsa ntchito, umene amautcha DUAT, umatha kupita kwa olowa chuma, mwamuna kapena mkazi.

Zofooka zilipo ndithu. Mlangizi ndi mmodzi, ndipo tinafika m'mamawa koma tinalowa dzuwa litapendeka, anthu ena anabwerera osathandizidwa. Mndandanda wa zikalata sanatipatse wonse pa ulendo woyamba, mwakuti tinabwereranso kawiri chifukwa cha pepala limodzi lokha, pamene kuchokera ku Domwe m'nyengo ya mvula si ulendo wamasewera. Timapepala tofotokoza malamulo tomwe tili patebulo tonse ndi ta Chipwitikizi, choncho zonse zimene munthu wamva ayenera kuzisunga m'mutu. Ndinayesanso kufunsa za batire ya sola yomwe ndinagula mu shopu ina n'kufa patangopita milungu itatu, koma apa yankho linali losakhutiritsa. Ananditchulira Lamulo Loteteza Ogula la nambala 22/2009, nati dandaulo likhoza kupita ku INAE, bungwe loyendera malonda, ndipo anafunsa ngati ndinasunga lisiti. Sindinasunge, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Zikuoneka kuti luso lawo lagona pa nkhani za banja ndi chuma cha masiye, osati za malonda.

Owerenga adziwenso kuti alangiziwa sakaimirira munthu ku khoti. Anatiuza poyera kuti zokambirana zikalephera, tipite ku IPAJ, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lizipereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa anthu osowa, ndipo tikatenge kalata yotsimikizira kuti mlongo wanga sangakwanitse kulipira loya. Ife sitinafike kumeneko. Mayiyo analemba kalata yoitana abale a malemu, ndipo pa tsiku lokumana anawawerengera ndime za lamulo m'Chipwitikizi, n'kumazimasulira m'Chichewa pang'onopang'ono pamaso pa ankhoswe ndi nthumwi ya amfumu. Mkulu wake wa malemu anatsutsa kwa nthawi yaitali za njinga yamoto, ponena kuti ndiye anabwereka mng'ono wake ndalama zina zogulira, ndipo anagwirizana kuti ngongoleyo ibwezedwe kuchokera pa chuma cha malemu asanagawe. Chigayo chinatsala pamalo pake, ndipo mlongo wanga akuchiyendetsa ndi mwana wake woyamba, pamene nkhani ya ng'ombe ziwiri zija adzaikambirana akamaliza kukolola.