Bonongwe, chisoso kapena luni: tithyole ziti kuseri kwa nyumba?

Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, ndiye ndiwo zomera zokha sizisowa. Pa zitatuzi ine ndimaika bonongwe patsogolo. Ngofewa, sachedwa kupsa, ana amadya osachita tsinya. Tomato, anyezi, timafuta pang'ono, nsima yayenda. Ali ndi ayironi ndi vitamini A, kungoti mukamuthira soda n'kumuphika mpaka kuchita phala, mavitamini ena mwawapha nokha. Vuto lake ndi malo amene amakonda: padzala, kuseri kwa khola, m'mbali mwa bafa. Amene wanenepa masamba ngati chikhatho m'ngalande za ku Chibavi kapena ku Masasa musakopeke naye, wamwa madzi a zimbudzi zosefukira.

Chisoso ndiye chatchuka kuposa msinkhu wake. Aliyense amati chimawonjezera magazi, ena mpaka kumwa madzi ake m'kapu. Ayironi alimodi, koma mayi woyembekezera amene kusikelo amuuza kuti magazi achepa asasiye mapiritsi ati poti akudya chisoso. Agogo athu ankatikita masamba ake n'kufinyira pakabala kakang'ono. Pamenepo sinditsutsa kwambiri, koma bala lakuya, la msomali wadzimbiri kapena lolumidwa ndi galu, thamangirani kuchipatala, kafumbata ndi chiwewe sizimva masamba. Ngati ndiwo, thyolani nsonga zanthete chisanachite maluwa. Chikayamba tinjere takuda tomata pachitenje tija, chakhwima, ndipo kafungo kake kamakula mpaka ana kukankha mbale. Chotendera ndiye chimakoma, cha mafuta okha chimalephera kwa bonongwe.

Luni ngowawa, ndipo omukonda amamukondera kuwawako. Tayani madzi oyamba, tsirani nsinjiro. Iye sapezeka pakhomo paliponse ngati anzakewa, nthawi zambiri mumachita kukagula kumsika.

Zonse zitatu zimafutsika bwino, ngakhale ndi chinyezi cha kuno mfutso umafuna tsiku la dzuwa lenileni, apo ayi uchita nkhungu.

Musanathyole m'munda wa aneba funsani ngati apopera mankhwala opha udzu, chifukwa tsamba limaonekabe lobiriwira tsiku loyamba. Za m'mphepete mwa msewu wa M1 zisiyeni. Ndipo mukatuma ana kukathyola, aonetseni nsatsi: timbewu take tamawangamawanga timakopa, koma mwana akatafuna towerengeka chabe akhoza kufa.