Lord of the Rings ya m'makutu: ndimayembekezera nkhondo, koma zondigwira mtima ndi masipuni ndi mapoto

Ndamaliza dzulo usiku kumvera audiobook ya The Lord of the Rings ija anawerenga Andy Serkis, mabuku onse atatu, mukawaphatikiza ndi maola opitirira 60, ndipo yanditengera miyezi inayi chifukwa ndimamvera mu minibasi popita kuntchito komanso usiku magetsi akathima basi. Anandigulira ndi msuweni wanga wa ku Joni. Langizo loyamba tisanapite patali, dawunilodani pa wifi, mafayilo ake ndi akuluakulu, bandulo yanu ya sabata singaone kuwala kwa dzuwa.

Kwa amene simukumudziwa, Serkis ndi uja anasewera Gollum m'mafilimu a Peter Jackson a 2001 mpaka 2003, kanthu kowonda kamaso akuluakulu kaja, ndipo kuwerenga kwakeku kunatuluka mu 2021. Bukulo ndi lakale, J.R.R. Tolkien analitulutsa mu 1954 ndi 1955. Ine mafilimu ndinaonera kalekale pa laputopu ya mnzanga ndipo m'mutu mwanga nkhani imeneyi inali ya azibambo andevu oyankhula mokwinya nkhope za kutha kwa dziko, malupanga, mahatchi, maliro. Zimenezo zilimo ndithu. Koma sindimadziwa kuti ndidzaseka ndekha pampando wakumbuyo kwa minibasi mpaka kondakitala kunditembenukira ngati ndadwala.

Zimayambira mu chaputala choyamba. Bilbo, mkulu wina wa mtundu wa anthu aafupi otchedwa ma hobbit, akukwanitsa zaka 111, wachita phwando lalikulu kenako wangosowa anthu akuona, koma wasiya mphatso zolembedwa mayina ndipo mphatso iliyonse ndi chipongwe chokulunga bwinobwino. Pali mayi wina wachibale dzina lake Lobelia amene Bilbo ankamuganizira kuti anamubera masipuni nthawi imene iye anali paulendo anthu nkumayesa kuti anafa, ndiye wamusiyira chani? Bokosi la masipuni. Mayiyo wamva chipongwecho pompopompo, wapsa mtima, koma masipuniwo watenga kkkk. Amene munaonapo achibale akuyamba kuwerenga mipando ndi mbale maliro asanaikidwe mukumudziwa Lobelia, mwina ndi azakhali anu. Pa pepala mwina ndikanangodutsa mzere umenewu osaona kanthu, koma Serkis amaima kaye pang'ono asanamalize, kakuima kakang'ono kaja amachita agogo akamakamba nthano akafuna kuti museke, ndipo apa ndi pamene ndalama ya msuweni wanga inayamba kugwira ntchito.

Pamene pandisangalatsa kwambiri ndi mu buku lachiwiri, ku Ithilien. Frodo, wachibale wa Bilbo amene wanyamula mphete yoopsa kuti akaiwonongere ku phiri la moto, ndi wantchito wake Sam ali pafupi ndi dziko la mdani, njala, kutopa, imfa ili pakhosi, ndiye Sam watuma Gollum kukasaka ndiwo ndipo wabwera ndi akalulu awiri. Sam watulutsa mapoto ake amene wawanyamula pamsana ulendo wonse, wasonkha moto, wayamba kuphika. Gollum wakhumudwa zedi, kwa iye kuphika nyama nkuiwononga, iye amadya yaiwisi, ndipo awiriwa ayamba kukangana za mbatatesi zimene Gollum sakuzidziwa nkomwe kuti ndi chani, Sam nkumamulonjeza kuti tsiku lina adzamukazingira nsomba ndi tchipisi, Gollum nkumakana kuti kukazinga nsomba nkuiwononga. Tangoganizani Serkis yemweyo akukangana yekha mawu awiri, lina la mnyamata wa m'dimba wokonda zophika lina la kanthu kolira mokhosomola. Ndinabwezera katatu. Koma utsi wa moto womwewo ndi umene ukuwaulula kwa asilikali a mtsogoleri wina wa nkhondo dzina lake Faramir, ndiye nthabwalayo sinangoikidwapo ngati mchere wapamwamba ayi, ikukankha nkhani kupita kutsogolo.

Ndipo mapoto amenewo mudzawalira. Mu buku lachitatu atatsala pang'ono kufika ku phiri la moto, mphamvu zatha, akutaya katundu yense wolemera, Sam watenga mapoto ake aja nkuwaponya m'phompho kuti Gollum asawagwire. Ine ndinali pa stage ndikudikira minibasi ndipo pakhosi panandimanga. Chifukwa cha mapoto abale. Mafumu afa m'nkhani imeneyi ndipo ndinangoti pepani, koma mapoto andiliza, chifukwa ndinali nditasekapo nawo kale, ndimawadziwa, anali ngati a kwathu. Sakanandiseketsa ku Ithilien kuja sindikanamva kanthu apa.

Malo ena amene ndikufuna muwamvetsere bwino ndi ku nyumba yochiritsira odwala ku Minas Tirith, nkhondo yaikulu itangotha. Anthu atatu ali gone pafupi kufa, Faramir uja, mayi wankhondo Éowyn ndi Merry mnzake wa Frodo. Aragorn, amene ndi wodzalowa ufumu, akufuna tsamba lina lotchedwa athelas kuti awachiritse, ndipo mmalo momupatsa akukumana ndi mayi wachikulire Ioreth amene pakamwa sipatsekeka, ayamba za azichemwali ake, za kumudzi kwawo, za mmene misewu yatsekedwera, munthu akufa apo. Kenako kwabwera mkulu woona za zitsamba, wophunzira kwambiri, akutchula dzina la tsambalo m'zinenero zosiyanasiyana mpaka kandakatulo kake kakale, koma tsambalo alibe, akuti ndi udzu wamba wa anthu okalamba. Mpaka mkulu wamatsenga Gandalf wakalipa. Amene wapeza masamba ndi kamnyamata, masamba 6 okha othyoledwa masabata awiri apitawo. Aliyense amene anakhalapo gadiyani kuchipatala akudziwa mtundu wa anthu awiriwa, wolongolola wamtima wabwino ndi wa Chingerezi chambiri wopanda mankhwala. Ndipo chosangalatsa nchoti mayi wolongololayo ndi amene wakumbukira mwambi wakale woti mfumu yeniyeni imadziwika ndi manja ochiritsa, anthu ophunzira onse ataiwala.

Merry atatsitsimuka mawu ake oyamba ndi a njala. Kenako wapempha kaliwo wake kuti asute, nkukumbukira kuti mfumu Théoden imene inamulonjeza kuti adzakhala pansi kucheza za fodya yafera kunkhondo iye akuona, ndiye wati sadzasutanso. Aragorn wamuuza kuti asute ndithu azimukumbukira, kenako wayamba kumuseleula motsanzira mkulu wa zitsamba uja. Zonsezi mu maminitsi ochepa, kuseka, chisoni, kusekanso, ndipo Merry mwini wake akupepesa kuti anthu a kwawo ndi mmene alili, zinthu zikafika polemera amayankhula mopepuka poopa kunena zambiri. Serkis apa sakukokomeza, watsitsa mawu, ndipo ndi malo amene wawerenga bwino kuposa ena onse kwa ine.

Zinandikumbutsa pa siwa. Mkati azimayi akuimba nyimbo zamaliro, panja azibambo azungulira moto, ndipo cha m'ma 2 koloko usiku wina amayamba kukamba mmene malemu anathamangitsidwira ndi mbuzi kapena ngongole ya kachasu imene asiya, anthu nkuseka chobisa, kenako zii, wina nkupukuta m'maso. Adzukulu kumanda nawo ndi choncho, akukumba akuseleulana. Palibe amene amati anthuwa sakulira. Tolkien anakamenya nawo nkhondo ya ku Somme ku France mu 1916, anzake apamtima awiri anafera ku nkhondo imeneyo, ndipo ananenapo yekha kuti Sam anamutengera kwa asilikali wamba amene anakhala nawo m'maenje muja. Ndiye nthabwala za m'bukuli ndi za anthu amene akuopa koma akufunsabe kuti nsima ipsa nthawi yanji. Mafilimu aja anatenga Gimli, wankhondo wamfupi wandevu uja, nkumusandutsa wa zisudzo, kugeya, kuponyedwa m'mwamba, timaseka inde koma timamuseka iyeyo. M'buku Gimli ndi munthu wolemekezeka, nthabwala yake ndi mpikisano ndi mnzake Legolas wowerenga adani amene apha ku Helm's Deep, 42 kwa 41, ndipo ngakhale pamenepo Legolas akuti kuluza sikukumuwawa bola waona mnzake ali moyo.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo. Nyimbo. Tolkien anathira nyimbo ndi ndakatulo paliponse ndipo Serkis amaziimba zonse ndi mtima wonse, makamaka Tom Bombadil, mkulu wa nsapato zachikasu amene amaimba ngakhale popereka moni, machaputala amenewo ndinapirira ngati ulaliki wa pa ukwati nsima ikuzizira. Chachiwiri ndi voliyumu, Serkis amanong'ona kenako mwadzidzidzi nkukuwa ngati Orc, zilombo zankhondo za mdani zija, ndiye mu minibasi mukakweza kuti mumve zonong'onazo pamwamba pa injini ndi nyimbo za adalaivala, kukuwako kukabwera ma earphone amakubayani mpaka mu ubongo. Chachitatu, mawu ambiri amatsanzira anthu a mufilimu, Pippin mnzake wa Merry akumveka wa ku Scotland ngati Billy Boyd amene anamusewera, zimene zimathandiza kudziwa amene akuyankhula koma nthawi zina mumalakalaka akanakusiyani muganizire nokha. Ndipo Chingerezi chake ndi chakale, msonkhano wa kwa Elrond wokha ndi wautali moti ndinagona kawiri nkubwerera mmbuyo, ngakhale momwemo Bilbo akudula akuluakulu pakamwa kudandaula kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana.

Pali kuwerenga kwina kwakale kwa Rob Inglis kwa 1990, kofatsa, ngati agogo pa khonde, amene simukonda zisudzo zambiri yesani kumeneko. Ine ya Serkis ndikuipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsera Tom Bombadil ndi makutu anga. Musaike pa sipidi ya 1.5 ngati mmene ena amachitira kuti amalize msanga, kakuima kaja asanamalize nthabwala kamatayika, ndipo mugule ma earphone otseka bwino makutu musanayambe.