Jekete lofiira la 24th Regiment: nsalu ndi yabwino, koma kolala anaphonya chaka

Yunifolomuyi ndinaigula pa sitolo ina ya pa intaneti chifukwa cha sewero la kusukulu kwa mwana wanga kuno ku Durban. Sewerolo linali la nkhondo ya ku Isandlwana ya pa 22 Januwale 1879, tsiku lomwe ankhondo a Mfumu Cetshwayo anagonjetsa asilikali a Britain. Mnyamatayo mtima wake unali kumbali ya Azulu, poti kwathu ndife Angoni a ku Ntcheu, koma aphunzitsi anamusankha kukhala sajeni wa gulu la 24th Regiment of Foot. Ndinati ngati wavala, avale zenizeni.

Jeketelo ndilibe nalo mawu. Nsalu yake ndi yaubweya, yolemera, yofiira psuu, ndipo titalipukuta ndi kansalu konyowa silinasuluke. Mabatani ndi asanu, amkuwa, ngati a majekete omwe asilikaliwo ankavala kunkhondo, osati a pa perete aja. Anawasokerera molimba moti mwana anakwawa nalo pansi masiku atatu osathothoka ngakhale limodzi. Kutentha kokha ndiye musanene. Atangolivala mphindi zochepa thukuta linali kamukamu, ndipo ndinaganizira anyamata aja amene ankayenda nalo padzuwa la Januwale, atasenza mfuti ya Martini-Henry ndi zipolopolo m'chiuno. Thalauza nayo anailondola, yabuluu woderako yokhala ndi kamzere kofiira m'mbali, ngakhale ndi yothina pang'ono. Mukamagula onjezerani saizi.

Chomwe chinandipweteka ndi kolala ndi kumapeto kwa manja. Pa sitolopo analemba kuti ndi yunifolomu ya 1879, koma anatumiza yokhala ndi kolala yoyera. Mu 1879 gulu la 24th linkavala kolala yobiriwira ngati msipu, kumanja chimodzimodzi, ndipo mtundu umenewu ndi womwe unkalisiyanitsa ndi magulu ena ambiri poti onse anali ofiira. Yoyerayo inabwera mu 1881, nduna Hugh Childers itasintha dongosolo la asilikali: manambala a magulu anathetsedwa, magulu a ku England ndi Wales omwe sanali achifumu anapatsidwa kolala yoyera, ndipo 24th inasanduka South Wales Borderers. Tsono iwo anaika nambala 24 paphewa n'kusokanso kolala yoyera, zinthu za nthawi ziwiri zosiyana pa chovala chimodzi. Kabaji ka pakolala, ka Sphinx kokumbukira nkhondo ya ku Egypt ya mu 1801, sikanalimo n'komwe. Wina angati ndi zazing'ono, ana sangazindikire. Ine ndikuti pa Isandlwana panafera anthu ambirimbiri mbali zonse ziwiri, ndipo mwana akamaphunzira mbiri yawo asamaphunzire zosakaniza.

Nditawalembera eni sitolowo, anandiyankha mwaulemu koma anati onse amasoka choncho. Ndinapita nalo kwa telala wina wakwathu amene amasoka pafupi ndi msika. Bamboyo anasomola kolala yonse, n'kuikapo nsalu yobiriwira, kenaka anabwezeretsa kachingwe koyera kopota kumanja kaja mwaluso kwambiri. Anasokereranso bwino nyota zitatu za usajeni padzanja lamanja, zomwe zinangomatidwa ndi guluu.

Chisoti chinabwera choyera mbee, chili ndi baji yaikulu yonyezimira patsogolo. Zenizenizo zinali za khungwa la mtengo lopepuka lokutidwa ndi nsalu, ndipo kunkhondo asilikali ankachotsa bajiyo n'kudetsa chisoti ndi tiyi kapena khofi kuti asamaonekere patali. Ifenso tinatero. Mayi a kunyumba anawiritsa masamba a tiyi ambiri m'kapoto, tinapaka katatu ndi kansalu tikuyanika pakhonde, mpaka chinasanduka chotuwa ngati dothi. Nsalu ya pachisotipo inamwa tiyi bwinobwino, osachita mathothomathotho.

Lamba ndiye musadalire. M'malo mwa chikopa choyera anaika pulasitiki, ndipo anang'aluka pabowo tsiku loyamba lomwelo.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Jekete ndi chisoti mungagule, koma musanalipire auzeni akutumizireni chithunzi cha kolala, ndipo ngati ili yoyera konzeranitu ndalama ya telala.